Masuku a Kuthambo Akudyeredwa Pamutu pa Yani? Kuunika Masewera a Pakompyuta Olanda Nyenyezi

Pakati pa mzinda wa Gaborone pali ziboliboli zitatu za mafumu a Atswana: Khama III, Sebele I ndi Bathoen I. Zidaimikidwa mu 2005 pokumbukira ulendo umene mafumuwa adayenda kunka ku Britain mu 1895, kukapempha kuti dziko lawo lisaperekedwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Rhodes yemweyu, malinga ndi zimene adalemba mtolankhani W. T. Stead mu 1902, ankadandaula kuti dziko lapansi latsala pang'ono kutha kugawidwa, ndipo ankati akadakhala ndi mphamvu akadalanda ngakhale maiko a kuthambo. Lero ntchito imene idamkanika Rhodes, wophunzira wa pasukulu ya ukachenjede mumzinda womwewu angathe kuigwira usiku umodzi ali phee pa kompyuta.

Ndikunena za masewera amene wosewera amapatsidwa dziko limodzi mumlengalenga, n'kuyamba kumanga zombo, kufufuza zaluso, kupangana mapangano ndi mitundu ina ndi kumenya nkhondo mpaka nyenyezi zonse zitakhala pansi pa ulamuliro wake. Odziwika kwambiri ndi Master of Orion wa mu 1993, Sid Meier's Alpha Centauri wa mu 1999 ndi Stellaris wa mu 2016. Ena anganene kuti zoterezi n'zachibwana, zosayenera malo m'magazini ounika zolembalemba. Ine ndikuona mosiyana. Mnyamata amene sadatsegulepo Nthondo kapena Kukula ndi Mwambo amatha maola mazanamazana m'masewerawa, ndipo nawonso ndi nthano. Kusiyana kwake n'kwakuti phunziro la nthanozi lili m'malamulo ake, m'zimene wosewera amaloledwa kuchita kuti apambane. Wofuna kuziunika ayambire pa aneni.

Mu 1993 Alan Emrich, polemba za Master of Orion m'magazini ya Computer Gaming World, adatcha masewera amtunduwu kuti 4X, potengera aneni anayi a Chingerezi: explore, expand, exploit ndi exterminate. M'Chingerezi aneniwa amamveka osalala, ngati mndandanda wa ntchito za muofesi. Tikayesa kuwamasulira m'Chichewa kusalalako kumatha. Woyamba tingati kufufuza, koma popeza wotumidwayo amapita kukaona malo amene mbuye wake adzalande, mawu oona ndi kuzonda, ndipo wozonda ndi mzondi. Wachiwiri ndi kufutukula, monga munthu afutukula munda, ndipo aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti munda ukafutukuka malire a mnansi amafota. Wachinayi ndi kupulula, mneni amene timagwiritsa ntchito posadzula masamba kunthambi mpaka itatsala yokhayokha.

Wachitatu ndiye wovuta koposa. Chingerezi chimagwiritsa mneni mmodzi ponena za kukumba mgodi ndiponso ponena za kuzunza wantchito, kotero kuti wosewera sakakamizidwa kusiyanitsa ziwirizi. Chichewa chimasiyanitsa. Miyala timakumba, nthaka timalima, koma munthu timamdyera masuku pamutu. Chining'achi sichingaime popanda mwini mutu. Womasulira akangochisankha, funso limene sewero lidabisa limatumphuka lokha: mutuwo ngwa yani?

Funso lomweli limabweranso pa magulu a maina. Mu Stellaris wosewera amakumana ndi zamoyo zanzeru za maonekedwe a mbalame, bowa ngakhale miyala. Angathe kuzipatsa unzika, kuzisandutsa akapolo, kuziweta ngati ndiwo kapena kuzipulula. Chingerezi chimazitcha ndi dzina limodzi losaonetsa mbali. Mmalawi womasulira alibe mwayi wotero, chifukwa mgwirizano wa dzina ndi mneni umamkakamiza kusankha. Akati "alendo abwera", waziika m'gulu la Mu-A, limodzi ndi munthu, mwana ndi mkazi, ndipo mwambi wakuti mlendo ndi mame wayamba kale kugwira ntchito. Akati "zolengedwa zabwera", waziika m'gulu la Chi-Zi, limodzi ndi chinthu ndi chilombo, ndipo kuzipulula sikukhalanso mlandu. Lembo limodzi lokha, a kapena z, lagamula za moyo wa mtundu wathunthu. Sindikunena kuti galamala ndiyo imalamula khalidwe la munthu, pakuti olankhula zilankhulo za Chibantu nawonso adaphana ndipo adagulitsana ukapolo. Ndikunena kuti galamala yathu imaika poyera chisankho chimene sewero limafuna kuti chichitike mosazindikira.

Mapu a masewerawa amayamba ali bii, ndipo amayera pokhapokha chombo cha wosewera chikafikapo. Malo amene iye sadawaone ali ngati kulibe. Ife a kuno tidaphunzitsidwa kuti David Livingstone adatulukira Nyanja ya Malawi mu 1859, ngati kuti asodzi amene adampeza nawo m'mbali mwa nyanjayo ankawedza mumdima. Dziko litakhala m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston adapereka kwa Azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo anthu okhala pamalowo adayamba kulipira lendi ndi thukuta lawo. Ntchito yokakamizayo idatchedwa thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito ya kumunda. Umu ndi m'mene mawu abwino amavekedwera chinthu choipa, ndipo mkwiyo wake udaphulika ku Magomero mu 1915 m'kuukira kwa John Chilembwe. Sewero likamanena za kukhazikitsa midzi pa dziko latsopano, khutu lodziwa mbiri ya thangata limafunsa ngati dzikolo lidalidi lopanda eni.

Komabe kungakhale kusaona mtima kuwaponya masewera onse m'dengu limodzi. Alpha Centauri, amene adamkonza Brian Reynolds ndi anzake ku Firaxis, amadzitsutsa yekha. Magulu asanu ndi awiri a anthu othawa dziko lapansi amatera pa dziko limene amaliyesa thengo, koma pang'ono ndi pang'ono zimadziwika kuti dzikolo ndi lamoyo ndipo limaganiza. Wosewera akachulutsa migodi ndi mafakitale, dzikolo limabwezera pomtumizira tizilombo tosokoneza ubongo. Apa mwini mutu wa masuku aja waoneka, ndipo ali ndi mawu. Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa ili ndi fungo lofananako: munthu atapeka moto adatentha tchire, nyama zidathawa, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nkhani zonse ziwiri luso la munthu limabwera ndi mtengo wake.

Ngakhale zili tero, sewero lomweli limapunthwa pa Afrika. Mwa atsogoleri asanu ndi awiri aja, wochokera kuno ndi Nwabudike Morgan, mkulu wa kampani, amene chikhulupiriro chake chonse ndi phindu. Mbiri yake imati ngwa ku Namibia, pamene dzina lakuti Nwabudike ndi la Chiigbo cha ku Nigeria. Mwina olemba adafuna kutembenuza zinthu poika munthu wakuda pa mpando wa Rhodes, ndipo ganizolo lili ndi nzeru zake. Koma kusakaniza dzina ndi dziko motere kukuonetsa kuti kwa iwo Afrika adali mapu osayera, pamene dzina lililonse lomveka lachifirika likadakwanira.

Kodi kuli masewera anzeru amene aneni ake ndi ena? Tisapite kutali. Bawo ali ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu ndi njere 64, ndipo amafuna kuwerengera kozama kosachepera pa kwa masewera a pakompyuta. Nayenso ali ndi nkhanza zake, popeza timadya njere za mnzathu ndipo timafuna kumsiya wopanda poyenda. Koma njere yodyedwa sichoka pabwalo. Imafesedwa m'maenje a wodyayo, ndipo mnzakeyo angathe kuidyanso pakapita kanthawi. Chuma chimazungulira. Morabaraba, amene amaseweredwa kuno ku Botswana, ku Lesotho ndi ku South Africa, amatcha miyala yake ng'ombe, ndipo yogwidwa imachotsedwa. Masewera aliwonse amanyamula ganizo lake la chuma ndi la mdani. Wokonza masewera wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete amene angamange sewero la kuthambo pa malamulo a kufesa ndi kuzungulira adzakhala atalemba nthano yatsopano ndithu, yoposa kungopaka nkhope zakuda pa malamulo akale.

Nkhaniyi sikhalanso ya maloto okha. Mu Malichi 2025 Botswana idaponya kuthambo setilaiti yake yoyamba, BOTSAT-1, imene idakonzedwa mogwirizana ndi yunivesite ya sayansi ndi luso ya ku Palapye. Ana athu adzalankhula za kuthambo, tifune tisafune, ndipo mawu ake adzawatenga kwinakwake. Pangano la maiko la mu 1967 limaletsa dziko lililonse kudzitengera mwezi kapena dziko lina la kuthambo, koma mwana amene waphunzira za nyenyezi kudzera mwa aneni anayi aja adzaliona panganolo ngati chopinga chabe. Akatswiri a zilankhulo, amene adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ali ndi ntchito pano, pakuti tili ndi nthanda ndi mlalang'amba koma mawu a chombo, mtunda ndi okhala kumeneko akadali osakhazikika.

Chitsanzo chilipo kale. Zombo za Voyager 1 ndi Voyager 2, zoponyedwa mu 1977, zidanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni m'zilankhulo 55, ndipo Chinyanja chilimo. Wolankhulayo, amene katchulidwe kake kakumveka ka ku Zambia, amafunsa a kumwambako kuti ali bwanji, ndipo amawatcha bantu. Iye adakumana ndi chisankho chomwe chija cha womasulira, nawaika m'gulu la anthu asanawaone n'komwe.