Remember ndi ziwalo za Ngũgĩ

M'buku lake la 2009, Re-membering Africa, Ngũgĩ wa Thiong'o amadula mawu akuti remember pawiri: re, kuchitanso, ndi member, chiwalo. Kwa iye, kukumbukira n'kulumikizanso ziwalo za Africa zomwe atsamunda anadula. Ganizo lokoma zedi, koma gwero la mawuwa silili pamenepo.

Remember analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti memor, wosaiwala. Member ndi wa fuko lina, membrum.

Ndiye mkuluyu walakwa? Ayi ndithu, wolemba ali ndi ufulu woseweretsa mawu. Vuto ndife owerenga, tikanyamula seweroli n'kukaphunzitsa ana ngati mbiri yeniyeni.