Mlaliki azitiuza pomwe lemba lathera

Ulaliki ndi luso, koma momwe tikuuweruzira masiku ano ndi zomvetsa chisoni. Imani m'njira za ku Masasa, ku Mzuzu kuno, Lamulungu masana mumve anthu akuchokera ku tchalitchi: "Lero abusa anatenthadi," "jekete mpaka anavula," "ine misozi osaigwira." Palibe wofunsa ngati zomwe zamuliritsazo zilimo m'Buku. Chomwe chimandipsetsa mtima ndi mawu awiri aja, "Baibulo limati," omwe alaliki ambiri amawaika patsogolo pa chilichonse, kaya ndi mawu a Paulo, kaya ndi a agogo awo a kumudzi. Zoti Mulungu amathandiza wodzithandiza simungazipeze kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso. Mateyu sanena kuti anzeru a kum'mawa anali atatu, anangotchula mphatso zitatu. Koma mpingo umangoti ameni.

Ahindu anaisinkhasinkha nkhaniyi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Malemba awo anawagawa pawiri. Gulu loyamba ndi shruti: Veda zinayi pamodzi ndi Upanishad, zomwe amakhulupirira kuti palibe munthu anazipeka, akuluakulu akale anangozimva. Lachiwiri ndi smriti, zokumbukiridwa, zokhala ndi eni ake, monga Mahabharata, Ramayana ndi malamulo a Manu. Jaimini, mphunzitsi wa gulu la Mimamsa, anaika lamulo losavuta: ziwirizi zikatsutsana, chokumbukiridwa chigonje. Komatu kukhala wachiwiri si manyazi. Bhagavad Gita, ya ndime 700, ili m'kati mwa Mahabharata, ndiye kuti ndi smriti, koma ndi yomwe Ahindu ambiri amaikonda, ndipo mphunzitsi wawo wotchuka Shankara anailembera ndemanga. Asilamu nawo amasiyanitsa Qur'an ndi Hadith, ndipo shehe wodziwa ntchito yake amatchula amene anasimba Hadith-yo.

Ife tili nayo kale njira yabwino kwambiri, kungoti tikuitaya. Ndikunena za mlaliki wokhala ndi womuwerengera. Mlaliki amatchula mutu ndi ndime, nkudikira masamba asiye kuphupha. Kenako amati, "Tiwerengereni, mayi." Mayi aja amawerenga ndi mawu awo a masiku onse, osakometsera. Asanafike patali amamva, "Imani pomwepo. Bwerezani." Amabwereza. Apo mlaliki amatenga liwu limodzi lokha, kulitembenuza uku ndi uku, kulifunsa mafunso, kuliyerekeza ndi moyo wa mayi wogulitsa tomato kapena wa mnyamata wa kabaza, kenako nkuti, "Pitirizani." Ukoma wake ndi wakuti khutu limamva mawu a anthu awiri. Ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amadziwa kuti awa ndi Malemba, awa ndi abusa. Ku Mzuzu kuno zimakoma kuposa, pakuti nthawi zina wowerenga amakhala ndi Baibulo la Chitumbuka pomwe mlaliki akumasulira m'Chichewa, ndiye malire ake amamveka bwino lomwe. Buku Lopatulika la 1922, lomwe William Murray anatsogolera kumasulira kwake, limathandizanso mwa njira yake: Chinyanja chake chakale chimamukakamiza mlaliki kuima ndi kufotokoza, sangangothamanga. Ndipo taonani mmene wowerenga amamugwirira mlaliki pamkono. Akalumpha ndime yomwe siikugwirizana ndi uthenga wake, mayi aja amakhala atailoza kale ndi chala. Luso lotere likufa chifukwa choti mlaliki akufuna maikolofoni akhale ake yekha!

Za aja amayamba ndi "Mulungu wandiuza usiku wathawu" sinditayapo nthawi, chifukwa chinthu chopanda mutu ndi ndime palibe angachifufuze. Aja owerenga ulaliki wonse papepala ngati lipoti la msonkhano wa komiti, tulo ta mpingo tikuwayankha kale.

Musandimve ngati ndikuthamangitsa zokumbukiridwa m'tchalitchi. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga umalalikira bwino kuposa mafotokozedwe ataliatali, bola mlaliki anene kuti "makolo athu ankati." Mishoni ya Livingstonia inaonetsa kale mmene zimenezi zimatheka. Ku Embangweni, mmishonale Donald Fraser analimbikitsa anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu pa mang'ombe a Chingoni, ndipo nyimbozo zikuimbidwabe m'buku la nyimbo la Sumu za Ukhristu. Zimagwira mtima, zimaphunzitsa, koma palibe amene amanamizira kuti anaimba ndi Davide.

Choncho akulu ampingo, mukamasankha woti alalikire Lamulungu likubwerali, musamangoyang'ana kukula kwa mawu ake. Mupatseni womuwerengera. Nanunso okhala pa benchi, mukamva "Baibulo limati," tsegulani lanu, ndipo mapemphero akatha mukawafunse abusawo mwaulemu mutu ndi ndime yake.