Bungwe Lopanda Chikwangwani

Kuno ku Mulanje liwu lakuti "bungwe" talichepetsa tanthauzo. Ambiri akalimva amaganiza za ofesi, chikwangwani ndi galimoto yolembedwa dzina pachitseko. Pakamvedwe kotere, Muslim Association of Malawi ndi bungwe, Mulhako wa Alhomwe wa ku Chonde ndi bungwe, koma banja la chikamwini, bwalo la Mfumu Mabuka ndi madrasa ya pansi pa mtengo wa mango siziwerengedwa. Kumeneku n'kulakwitsa. Chimene chimapanga bungwe ndi dongosolo lomwe anthu amalitsatabe ngakhale woliyambitsa atamwalira. Ankhoswe salandira malipiro, komabe amathetsa milandu ya m'nyumba imene sifika n'komwe kukhoti. Namondwe wa Freddy atasesa midzi mu Malichi 2023, anthu anathawira kwa abale, m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti.

Ife Asilamu sitiyenera kusokonezeka pankhaniyi. Zakaati ili ndi mlingo wake, 2.5 pa 100 iliyonse ya ndalama zosungidwa chaka chathunthu, ndipo Qur'an m'Surah At-Tawbah inatchula magulu 8 oyenera kulandira, kuphatikizapo oisonkhanitsa. Ndiye kuti ngakhale wogwira ntchitoyo anaganiziridwa kale. Nanga bwanji madrasa zathu zambiri zatsamira pa munthu mmodzi wakufuna kwabwino? Iye akaleka kutumiza thandizo, mwalimu amapita kukathyola tiyi ku esiteti, ana n'kubalalika asanamalize Juzu Amma, chikwangwani chili chiimire pamsewu.