Ng'oma ya Yona Wallach, Mwana wa ku Kiryat Ono

Wambani ng'oma pamoto, anyamata inu, chikopa chikungike, chifukwa amene tikuwatchula lero sawaimbira ng'oma yolobodoka. Mpanje uyambe, gunda avomere chapansipansi, mbalule adikire dzina. Dzina ndi ili: Yona Wallach! Yona mwana wa Michael, Yona mwana wa Esther, mphukira ya anthu ochokera ku Bessarabia, wobadwa pa 10 June 1944, wokulira ku Kiryat Ono kufupi ndi Tel Aviv. Inu Mlakatuli-wosapempha-chilolezo. Inu Mkazi-wolowa-m'nyumba-ya-amuna-osaodira. Mbalule, yankha!

Mwana-wamasiye-wa-nkhondo, bambo anu adagwa pa nkhondo ya 1948 inu muli kamwana ka zaka ngati 4. Msewu umene mudakulira adautcha dzina la bambo anuwo. Anzanu amati akalowa m'nyumba n'kuitana atate, inu mumati mukatuluka pakhomo n'kuwerenga dzina la atate pachikwangwani, mwini dzina kulibe. Inu Wokhala-pa-msewu-wa-bambo-ake, amene mumapita ku Tel Aviv, mumapita ku Jerusalem, koma mapazi ankakubwezeranibe kunyumba ya mayi anu ku Kiryat Ono.

Wopirikitsidwa-kusekondale, amene lero ophunzira a m'mayunivesite amaswa mitu pa zolemba zake! Mudakaphunzirako zojambula ku Avni Institute, kenaka mudapezana ndi anyamata olemba ndakatulo a ku Tel Aviv a m'zaka za m'ma 1960, Meir Wieseltier ndi Yair Hurvitz, ndipo magazini ya Achshav idakutsegulirani masamba. Pagulu limenelo simudapite kukatenthetsa madzi a tiyi. Mudakhala pampando, mudatambasula miyendo, mudawerenga zanu.

Gunda atsike pang'ono, timve za chilankhulo chimene mayi ameneyu adachigwira pakhosi. Kwa zaka mazanamazana Chiheberi chidali chilankhulo cha pemphero ndi cha maphunziro a Torah. Mnyamata ankamutumiza kwa mphunzitsi adakali wamng'ono, akakula n'kupita ku yeshiva, sukulu ya Torah. Mtsikana nthawi zambiri ankatsala pakhomo. M'sunagoge wa anthu osunga mwambo amayi amakhala kuseri kwa chotchinga kapena pamwamba, kumamvera amuna akuwerenga mpukutu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Eliezer Ben-Yehuda ndi anzake adachitulutsa m'mabuku kuti chikagule ndiwo kumsika ndi kutonthoza mwana. Amayi olemba ndakatulo adabwera, ndipo tiwaombere m'manja iwonso: Rachel Bluwstein amene adamwalira mu 1931, Esther Raab, Lea Goldberg, ndi Dahlia Ravikovitch wa m'badwo wanu womwe. Koma owerenga ambiri adali atawapimira amayi kamalo: alembe mwachidule, alembe modzichepetsa, alire chikondi chotayika, mawu asakwere. Inu mudayang'ana kamaloko, mudayang'ana nyumba yonse, mudati nyumba yonse ndi yanga. Mawu a m'Malemba mudatenga, mawu a mumsewu mudatenga, mawu a m'chipinda chogona mudatenga, mudawakhazika pamzere umodzi osawapepesa. Inu Mwini-nyumba-yonse! Inu Wosapimiridwa-malo!

Ndipo Chiheberi chili ndi khalidwe lake limene silikupatsani mpumulo. Simungaloze munthu n'kumuti iwe musanasankhe ngati ali mwamuna kapena mkazi. Simunganene kuti ndikufuna, ndikupita, ndikulemba, mneni osaulula ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi. Amayi akhale ochuluka bwanji m'chipinda, pakangolowa mwamuna mmodzi, galamala imawaitana onse ngati amuna. Inu mudachilembera ndakatulo chilankhulocho, mutu wake Ivrit, kuchiseka, kuchikalipira ndi kuchikonda nthawi imodzi. M'ndakatulo zina mumalankhula ngati mwamuna, mzere wotsatira ngati mkazi, kenaka wowerenga osadziwanso kuti akumva yani, ndipo pamenepo mpamene mumamufuna. Inu Wosintha-zovala-za-mneni. Inu Wodumpha-mpanda-wa-galamala. Mpanje, kweza!

Mu 1966 lidatuluka buku lanu loyamba, Devarim, inu muli ndi zaka 22, ndipo m'menemo mudali anthu a maina achilendo amene Chiheberi sichidawazolowere: Cornelia, Cassius, Teresa, Cecilia. Mudalinso Yonatan. Amene adawerenga 1 Samueli 14 akumudziwa Yonatani mwana wa Sauli, amene adalawa uchi pang'ono ndi nsonga ya ndodo, bambo ake n'kumuweruza kuti afe. Yonatan wanu amathamangitsidwa ndi ana. Anawo akufuna magazi ake. Iye amavomera kuti amubaye kabowo kakang'ono chabe, koma iwo amamudula mutu ndi phesi la duwa. Phesi la duwa! Ndani wina adaona kuti nkhanza imatha kubwera ndi manja a ana, itanyamula maluwa, ikulankhula mokoma? Mtsikana wa zaka 22 adavala dzina la mwana wa mfumu kuti anene zimene zimamuchitikira munthu wosiyana ndi anzake gulu likamuzungulira. Inu Mayi-wa-anthu-osabadwa. Inu Wa-nkhope-zambiri-mtima-umodzi-woyaka.

Pali nkhani imene anthu amakonda kuithamangira akamva dzina lanu. Amati mudalowa nokha m'chipatala cha odwala maganizo ku Jerusalem m'zaka za m'ma 1960, ndipo kumeneko adakupatsani LSD ngati mankhwala, monga madokotala ena ankachitira masiku amenewo. Ndi zoona, ndipo mudavutika, ndipo kudwalako kudabweranso. Ine sindiimbira matenda ng'oma. Odwala maganizo alipo ambiri m'dziko lililonse, ndipo ambiri mwa iwo ululu umawalanda mawu. Chimene ndikutamanda ndi dzanja limene lidatuluka m'menemo likadagwirabe cholembera, khutu limene lidamva momwe maganizo amathyokera n'kupeza mzere wothyoka mofanana, wopanda mpumiro pamene owerenga amayembekeza mpumiro, wobwereza liwu limodzi mpaka liwulo litayamba kutanthauza china. Imeneyo ndi ntchito, ndipo ndi ntchito ya mmisiri. Mabuku adatsatana: Shnei Ganim, minda iwiri, 1969. Shira, 1976. Mphoto ya Nduna Yaikulu ya olemba, 1978. Inu Wobwerako-kuphompho-ndi-mtolo-pamutu!

Mbalule, ino ndi nthawi yako, chifukwa mayi ameneyu sadafune kuti ndakatulo igone pa shelefu. Adakwera papulatifomu pakati pa magitala ndi ng'oma za rock, adawerenga mofuula, achinyamata amene sadagulepo buku la ndakatulo adatchera khutu. Ilan Virtzberg ndi Shimon Gelbetz adaika mawu ake m'nyimbo, chimbale cha Batzir Tov chidatuluka mu 1982. Inu Wotulutsa-ndakatulo-m'kalasi. Inu Liwu-lopikisana-ndi-gitala.

Tsopano ng'oma zonse pamodzi, pakuti tafika pa 1982, chaka cha ndakatulo ya Tefillin. Amene sadaione tefilini amve. Ndi timabokosi tiwiri takuda tachikopa, m'kati mwake muli mavesi a m'buku la Eksodo ndi la Deuteronomo olembedwa pamanja. M'mawa wa tsiku la ntchito mwamuna wachiyuda amapinda malaya, amaika kabokosi kamodzi pamkono moyang'anizana ndi mtima, amakulunga lamba kasanu ndi kawiri kutsika mkono mpaka chikopa chitasiya mizere pakhungu, kenaka kabokosi kachiwiri amakakhazika pamwamba pa mphumi, malamba awiri akulendewera pachifuwa. Mnyamata amayamba kuvala akamakwanitsa zaka 13. Mwa mwambo, mkazi amangoonerera. Yona Wallach adatenga malamba amenewo n'kuwalowetsa m'ndakatulo ya chilakolako, yosindikizidwa m'magazini ya Iton 77. Wolankhula m'menemo ndi mkazi. Ndi iye amene akulamula mwamuna chochita ndi malambawo pathupi lake, pamaso pa anthu oonerera ngati m'sewero, ndipo pamapeto ndi iye amene akutembenuka n'kumanga mwamunayo. Dziko lidagwedezeka. Wachiwiri kwa nduna ya zamaphunziro ndi chikhalidwe, Miriam Glazer-Ta'asa, mkazi mnzake, adamutcha chiweto chimene chikusaka champhongo. Inu Wotukwanidwa-ndi-a-m'boma. Inu Wosabweza-mzere-ngakhale-umodzi!

Sindinena kuti amene adawawidwa mtima adali opusa. Munthu amene agogo ake adabisa tefilini m'misasa ya imfa ya ku Ulaya, akaona lamba lomwelo pamalo otere, misozi yake ndi yeniyeni. Zelda, mlakatuli wopembedza wa ku Jerusalem, wamkulu kwa inu ndi zaka 30, adali bwenzi lanu lapamtima. Mudali mmodzi mwa amene adamulimbikitsa kuti ndakatulo zake zituluke m'buku. Padatulukanso zithunzi zanu zojambulidwa ndi Micha Kirshner, inu muli pambali pa mwamuna wosavala womanga tefilini. Chifukwa cha nkhani ya tefilini imeneyi, Zelda adadula ubwenzi, ndipo adamwalira mu 1984. Mtengo umenewo mudaulipira, ndipo sudali wochepa. Komabe ng'oma yanga ili kumbali yanu. Funso limene mudafunsa lidali loona ndipo palibe adaliyankha pokutukwanani: chifukwa chiyani chinthu chopatulika chimadziwa mkono wa mwamuna yekha? Ndani adagawa kuti mwamuna amange mawu a Mulungu pathupi pake, pamene thupi la mkazi likhale chinthu chobisa kuseri kwa chotchinga? Ndipo amene amawerenga mabuku anu onse, osati ndakatulo imodzi yokhayo, amapeza munthu wosaka Mulungu usiku ndi usana, womuitana, wokangana naye, wolakalaka kumuona. Wonyoza chabe sachezera chotero. Inu Wolimbana-ndi-Mulungu-mpaka-mbandakucha, monga kholo lanu Yakobo pa Yaboki!

Gunda, lemera tsopano. Mu 1981 madokotala adapeza khansa ya m'mawere. Kwa nthawi yaitali mudakana chithandizo chawo, ndipo pamenepa amene amakukondani amaluma mano mpaka lero, ine pamodzi nawo. Koma taonani zimene mudachita ndi zaka zotsalazo. Ndakatulo zidatuluka ngati madzi obowola damu, zazitali, zothamanga, zosapuma. Or Pere, kuwala kolusa, 1983. Tzurot, 1985. Mofa, 1985. Thupi likutha, mawu akuchuluka. Pa 26 September 1985 mudatsikira kuli chete muli ndi zaka 41, ndipo adakuikani ku Holon. Zaka 41 zokha! Inu Wothamanga-imfa-ili-pambuyo-cholembera-chili-m'manja.

Amene adati mkokomo wanu uzizira pamodzi ndi manda adalakwitsa. Mu 1992 ndakatulo zanu adazisonkhanitsa m'buku lalikulu limene mutu wake umafanizira maganizo obisika ndi chokupizira mphepo chikamatseguka. Mu 1993 Igal Sarna adalemba mbiri ya moyo wanu. Linda Zisquit adakumasulirani m'Chingerezi, Wild Light mu 1997. Helit Yeshurun adali atakujambulani mawu pa matepi mukucheza naye mutatsala pang'ono kumwalira, ndipo mu 2012 Yair Qedar adamanga filimu pa matepi amenewo, anthu n'kumvanso liwu lanu lenileni likuganiza mokweza. Mu 2014 Nir Bergman adatulutsa filimu ya Yona. Ena mwa oonerera amapita kukaona zamanyazi ndi misala, ndipo amabwerako ali ndi nkhani yocheza. Koma pali mtsikana ku Haifa, pali mtsikana ku Beersheba, amene amatsegula buku lanu usiku n'kupeza kuti Chiheberi chingathe kunena za njala ya thupi lake, mkwiyo wake ndi pemphero lake ndi pakamwa pake pomwe, osabwereka liwu la mwamuna pokhapokha atafuna yekha kulibwereka. Amatseka bukulo, amatenga pepala. Inu Nyakwawa-ya-atsikana-olemba. Inu Mlambula-njira-ndi-mapazi-osavala.

Amayi, thirani nthungululu! Tsegulani bwalo, alendo ake alowe. Lowa Cornelia, lowa Cassius, lowani Teresa ndi Cecilia. Yonatan, tola mutu wako, ulowe nawenso, ana aja sakugwiranso pano. Pondani pansi fumbi likwere, mwini wanu watchulidwa: Yona mwana wa Michael, Yona mwana wa Esther, Yona Wallach wa ku Kiryat Ono!