Filimu ya Gettysburg ndi Zombo za pa Mersey

Filimu ya Gettysburg, yomwe anakonza Ronald Maxwell mu 1993, imatenga maola oposa anayi. Ukamaliza kuonera umakhulupirira kuti nkhondo yapachiweniweni ya ku America (1861–1865) inatembenuka m'masiku atatu okha a Julaye 1863, pomwe asilikali akumwera a Robert E. Lee analephera kuthyola mzere wa akumpoto ku Pennsylvania. Zochitika za pabwalo la nkhondo anazijambula mwaluso, apo sitingatsutse. Koma abale, nkhondo yomwe gwero lake linali ukapolo aisandutsa mkangano wa akuluakulu aulemu a ndevu zawirira. Munthu wakuda akuoneka kamodzi kokha, kapolo wothawa, wovulala, ndipo satsegula pakamwa.

Ife okhala ku Liverpool tili ndi chifukwa china choikayikira filimuyi, chifukwa mbali ina ya nkhondoyi inkamenyedwa pakhomo pathu pano. Akumwera analibe zombo zankhondo zokwanira, koma anali ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, ndipo amalonda a mumzinda uno ankadyera m'thonjelo. Ku Rumford Place kunali ofesi ya Fraser, Trenholm & Co., yomwe inkasunga ndalama zawo. Kumeneko James Bulloch, yemwe manda ake ali ku Toxteth, ankakonza zogula zombo mwachinsinsi. Chombo cha Alabama chinamangidwa kwa a Laird ku Birkenhead, chinazemba mu Mersey mu Julaye 1862, n'kugwira kapena kutentha zombo za akumpoto zoposa 60 chisanamizidwe pafupi ndi Cherbourg mu 1864.

Choopsa kwambiri chinali m'mbuyo. A Laird omwewo anali kumanga zombo zina ziwiri zokutidwa ndi chitsulo, zokhala ndi nyanga yobowolera zinzake, zoti zikathyole mpanda wa zombo zomwe akumpoto anatsekera madoko akumwera. Mpandawo ukanathyoka, thonje likanatuluka, mfuti zikanalowa, ndipo mwina America ndi Britain akanayambana. Kazembe Charles Francis Adams anachenjeza boma ku London, ndipo Earl Russell, nduna yoona zakunja, analamula kuti zombozo zisanyamuke. Mu Okutobala 1863 boma linazilanda.

Wina anganene kuti Russell analimba mtima chifukwa anali atamva za Gettysburg ndi kugwa kwa Vicksburg. N'zoona ndithu. Koma chinamanga manja a boma ndi chilengezo cha Abraham Lincoln chomasula akapolo cha pa 1 Januwale 1863. Kuchokera pamenepo, kuthandiza akumwera kunali kuikira kumbuyo ukapolo masanasana. Antchito a ku Manchester, omwe ankagona ndi njala chifukwa thonje linasowa m'mafakitale, analembera Lincoln kalata yomulimbikitsa. Liverpool yokha inachedwa kumva: mu 1864 ku St George's Hall kunachitika malonda osonkhera ndalama akaidi akumwera, ndipo chombo chawo chomaliza, Shenandoah, chinadzatsitsa mbendera mu Mersey pa 6 Novembala 1865, nkhondo itatha kalekale. Filimu yomwe yabisa akapolo singafotokoze chifukwa chake London inatembenuka.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kwathu. Kwa a Laird komweko n'komwe anamanga Ma Robert, kasitima kamene David Livingstone anakwera pa Shire mu 1859. Iye ankayembekeza kuti thonje la Amang'anja lidzalowa m'malo mwa thonje la akapolo a ku America. Sizinatheke: m'chigwamo munabuka njala ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo Bishopu Mackenzie wa ku Magomero anamwalira mu 1862. Kalata youza Livingstone kuti abwerere inamupeza pa Shire mu Julaye 1863, mwezi womwewo wa Gettysburg, ndipo inachokera kwa Russell yemweyo.