Simoni Adaguluka Mano?

Anzanga ena pano pa koleji amati luso lojambula akuluakulu monyodola lidabwera ndi nyuzipepala, pamene makatuni adayamba kuluma andale cha m'ma 1993. Ine ndikukana. Kwathu ku Nkhotakota luso limeneli takhala tikuliona pabwalo la gule wamkulu kuyambira kale.

Taonani Simoni. Nkhope yake ndi yofiira psuu ngati ya mzungu wopsa ndi dzuŵa, pomwe suti yake ndi yansanza. Wosema chigoba adatola zinthu ziŵiri zokha, khungu ndi chovala, nazikulitsa mpaka ulemu wonse wa bwana udathera m'fumbi. Anthu amene ankavula chipewa pamaso pa DC ankaseka momasuka pabwalo, pakuti ndani angamange chilombo chochokera kudambwe? Apa m'pamene pagona mphamvu ya lusoli: mwini ntchito sadziŵika, ndipo wonyodoledwa akapsa mtima ndiye kuti wavomera yekha kuti nkhopeyo ndi yake. Amishoni adalimbana ndi nyau zaka zambiri, koma Simoni ndi Maliya sadaleke kuvina.

Chodandaulitsa chidadza pambuyo pake. Mu 1960, pa Nkhotakota pomwepo, msonkhano wa Malaŵi Congress Party udasankha Dr. Banda kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipani. Ufulu utabwera, zilombo zidayamba kutengedwa kukavina pamisonkhano, pamaso pa Ngwazi. Pamalo otere, ngakhale Simoni avine mochititsa kaso chotani, anthu akuseka bwana amene adapita kale, bwana watsopano ali phee pampando, litchowa m'manja. Kulasa mkango wakufa sikulira kulimba mtima. Olemba adaŵatseka pakamwa ndi lamulo la 1968 lofufuza mabuku. Gule adangomuitanira kuphwando.

Komabe si osema onse amene adagonja. Pakati pa zigoba zimene Bambo Claude Boucher adasonkhanitsa ku Mua pali zina zimene zinkabaya ulamuliro wa Banda mobisa, kumudzi, kutali ndi nsanja. Tsono Simoni sadaguluke mano chifukwa cha ukalamba ayi. Adaguluka chifukwa cha malo ovinira ndi munthu womuvinira.

Mu 2005 a UNESCO adaika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Ulemuwo ndi woyenera, koma nawonso ungathe kusandutsa chilombo kukhala chidole choonetsa alendo. Ife amene timakumana kuŵerengerana ndakatulo tidzifunse: nkhope imene tikusema lero ndi ya bwana wadzulo, kapena ya amene ali pampando?