Kubereka ndi Kupereka: Maso a Mchewa pa Chithunzi cha Raphael

Mphunzitsi wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi akafuna kufotokoza m'Chichewa chithunzi cha Maria ndi Mwana chimene Raphael anajambula, vuto loyamba limene angakumane nalo ndi la kusankha mneni. Chithunzi chimene tikunenachi ndi chija Papa Julius II analamula m'chaka cha 1512 kuti chikaikidwe m'tchalitchi cha San Sisto ku Piacenza. Chinasamutsidwira ku Dresden mu 1754, ndipo n'komwe chili lero.

Kwa Achewa mneni "kubereka" ali ndi matanthauzo awiri: kubala mwana, ndiponso kumuika kumsana m'mbereko. Mwana wakumsana ndi wotetezedwa. Dziko amaliona modzera paphewa la amake. Koma Maria wa Raphael sanabereke mwana kumsana. Wamuyangata patsogolo, nkhope ya mwanayo yapenya kwa ife, ndipo mayiyo akuponda mitambo wopanda nsapato, ngati akudza kumene taima. Sixtus Woyera, amene ali kumanzere, akuloza kunja kwa chithunzi, pamene Barbara Woyera wagwetsa maso.

Nsalu zobiriwira zimene zakankhidwira m'mbali zingakumbutse Mchewa za mwambo wotulutsa mwana m'chikuta, mchombo ukagwa, kuti abale amuone. Fanizoli lili ndi malire ake. Mwanayu wapitirira msinkhu wa m'chikuta, ndipo pankhope za awiriwa palibe chimwemwe cha tsiku lotero. Maso a mwana atong'oka ngati a munthu amene waona choopsa. Akatswiri ena amati m'tchalitchimo chithunzichi chinayang'anizana ndi mtanda, choncho mayi ndi mwana akupenya imfa imene ikudikira mwanayo.

Ngati zili choncho, mneni woyenera pano si "kufukata", chifukwa wofukata amakokera mwana kuchifuwa chake kuti amubise. Woyenera ndi "kupereka". Mawu awiriwa, "kubereka" ndi "kupereka", amasiyana lemba limodzi lokha, koma tanthauzo la chithunzi chonse lagona pa kusiyanako: amene anabereka ndiye akupereka.

Tikuona tsono kuti wophunzira wozolowera mbereko ali ndi mwayi umene munthu wa ku Ulaya, wozolowera kuona mwana m'manja, alibe. Iye adzayamba wafunsa chifukwa chimene mayiyu wachotsera mwana kumsana. Mphunzitsi asafulumire kuliyesa funsoli umbuli, pakuti kumasulira chithunzichi kumayambira pomwepo.